Chidole cha pulasitiki chosonyeza ziwalo za m'thupi: mmene chatithandizira pophunzitsa kagayidwe ka chakudya

Ndimaphunzitsa sayansi pa koleji ina yosula aphunzitsi a ku pulayimale, ndipo chaka chathachi nthambi yathu inagula chidole cha pulasitiki chosonyeza ziwalo za m'kati mwa thupi la munthu ku sitolo ina ya mumzinda wa Blantyre yogulitsa zipangizo za m'malabotale. Tachigwiritsa ntchito kwa matemu awiri athunthu, makamaka pa phunziro la kagayidwe ka chakudya, ndipo ndaona kuti nthawi yakwana yoti ndifotokozere anzanga a m'makoleji ena, komanso akuluakulu a sukulu amene amasunga thumba la ndalama zogulira zipangizo, ngati chidolechi chili choyenera ndalama zimene chimadya. Yankho langa ndi lakuti chiyenera kugulidwa, koma wochigula adziwiretu kuti chimayankha bwino funso limodzi lokha, lakuti chiwalo chakutichakuti chili pati, pomwe funso lakuti chiwalocho chimachita chiyani ndi chakudya chimalisiya m'manja mwa mphunzitsi.

Chidolechi ndi chachitali masentimita 85, chilibe manja ndi miyendo, ndipo chinamangiriridwa pa thabwa lolemera kuti chisagwe. Mukachotsa chivindikiro cha pachifuwa mumaona mapapo awiri, mtima, chiwindi chokhala ndi ndulu pansi pake, chifu chimene chimatsekuka pawiri, ndi matumbo amene anawumbidwa kukhala chinthu chimodzi. Zonsezi zimazuka, ndipo zikazuka kumbuyo kwake kumaoneka impso, mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndi chikhodzodzo m'munsi. Chiwalo chilichonse chili ndi tinambala, ndipo m'bokosi munali kabuku kofotokoza tinambalato m'Chingerezi ndi m'Chilatini.

Ndisanachitulutse m'bokosi pamaso pa kalasi, ndinayamba ndachita zimene ndimachita chaka chilichonse ndi gulu latsopano. Ndimapatsa wophunzira aliyense pepala lojambulidwa thupi lopanda kanthu m'kati, ndi kumupempha kuti ajambule njira imene mbamu ya nsima ndi kapu ya madzi zimadutsa kuchokera pakamwa mpaka potulukira, osayang'ana m'buku. Awa ndi anthu akuluakulu amene anakhoza mayeso a MSCE, ambiri a iwo analemba Biology, ndipo mukawafunsa mayina a ziwalo m'Chingerezi amawatchula mwandondomeko osaphonya ngakhale limodzi. Koma pepala lija limaulula kuti mayinawo anangoloweza pamtima popanda chithunzi cholondola m'maganizo. Ena amajambula thumba lalikulu lozungulira pamchombo n'kulilemba kuti chifu, ena amadutsitsa nsima m'chiwindi isanafike m'matumbo, ndipo ena ochuluka ndithu amajambula mipope iwiri kuchokera kummero, wina wa nsima wopita kumatumbo ndi wina wa madzi wolunjika ku impso kapena ku chikhodzodzo. Sindiwaimba mlandu pa zimenezi, chifukwa iwonso anaphunzitsidwa ndi choko ndi bolodi basi, koma zimandidetsa nkhawa podziwa kuti pakangotha zaka ziwiri za maphunziro a uphunzitsi a IPTE munthu yemweyu adzaima kutsogolo kwa ana ochuluka ndipo chithunzi cholakwikacho adzachipereka kwa onsewo.

Pa nkhani ya malo a ziwalo, chidolechi chinagwira ntchito imene tchati cha pakhoma sichinathe kugwira m'zaka zonse zimene ndakhala ndikuphunzitsa. M'chilankhulo chathu timati "m'mimba" potchula dera lonse kuyambira pansi pa nthiti mpaka pachinena, ndipo munthu akanena kuti m'mimba mukupweteka amagwira pamchombo, motero ophunzira akamva liwu la Chingerezi lotanthauza chifu amalimasulira kuti mimba n'kuliika pamchombo pomwepo. Tsiku limene tinatsekula chidolechi ndinaitana mayi wina wa m'kalasimo kuti azule chifu ndi dzanja lake. Anayamba kufufuza pakati pa matumbo, kenako anakweza maso n'kuchipeza m'mwamba, chakumanzere, chitabisala pansi pa nthiti ndipo mbali yake ina itaphimbidwa ndi chiwindi. Anachigwira kwa kanthawi ali chete, kenako anadzigwira pansi pa bere lakumanzere n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti pamchombopa pali matumbo okhaokha?" Ndinamuyankha kuti zili choncho kumene, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinaonenso thumba la pamchombo lija m'zojambula za gulu limeneli.

Mpope wachiwiri uja, wa madzi, nawonso unagwa mosavuta, ngakhale kuti apa chidole chinangogwira theka la ntchito. Mukazula matumbo ndi chifu mumaona impso ziwiri zitakhala kumsana, mbali iyi ndi iyi ya fupa la msana, ndipo palibe mpope uliwonse wochokera kummero kapena kuchifu umene umafika kumeneko. Chimene chimalowa mu impso ndi mtsempha wa magazi, ndipo chimene chimatuluka ndi mtsempha wina wa magazi pamodzi ndi kampope kopita ku chikhodzodzo. Ophunzira anafufuza ndi zala zawo, mpope uja osaupeza, ndipo pamenepo funso linabwera lokha lakuti nanga madzi amene tamwa amakafika bwanji ku impso. Chidole sichingayankhe funso limeneli, koma chinachita bwino polidzutsa, chifukwa tinayambira pomwepo kufotokoza kuti madzi amayenda njira imodzimodzi ndi nsima, amayamwidwa m'matumbo n'kulowa m'magazi, ndipo impso zimasefa magaziwo. Mkodzo ndi chinthu chochokera m'magazi, pomwe chimbudzi ndi zotsalira za chakudya zimene sizinalowe konse m'magazi, ndipo mphunzitsi amene wagwira kusiyana kumeneku wamvetsa mbali yaikulu ya phunziro lonse.

Pali chinthu china chimene sindinachiyembekezere. Ophunzira athu ambiri anakulira kumudzi, anaonapo mbuzi ikutumbulidwa pa ukwati kapena pa chiliza, anatsukapo za m'kati n'kukulunga nthumbwana, ndipo anasendapo nthutumba ya nkhuku n'kuona timiyala tili m'katimo. Chidziwitso chimenechi ndi chuma chimene mwana wokulira m'tauni alibe, koma chimabweretsanso zosokoneza zake, chifukwa chifu cha mbuzi chili ndi zigawo zinayi popeza mbuzi imabzikula, pomwe cha munthu ndi thumba limodzi lokha, ndipo munthu alibe nthutumba chifukwa ntchito yoperayo imagwiridwa ndi mano. Titatsekula chifu cha chidolechi pawiri n'kuona chipinda chimodzi chokhala ndi makwinya m'kati, kukambirana kumene kunabuka kunali kwabwino kuposa phunziro limene ndinakonzekera. Momwemonso ndi ndulu. Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amadziwa kuti ndulu ikaphulika nyama imawawa, motero ambiri ankaiyesa poizoni amene thupi limangosunga popanda ntchito. Chidolechi chimaonetsa bwino kathumba kobiriwira kali pansi pa chiwindi ndi kanjira kake kopita koyambirira kwa matumbo aang'ono, ndipo zinali zosavuta kufotokoza kuti chiwindi ndicho chimapanga madzi owawawo, kathumbako kamangowasunga, ndipo ntchito yake ndi kumwaza mafuta kukhala timadontho ting'onoting'ono monga mmene sopo amachitira m'mbale ya mafuta. Chakudya chenichenicho sichidutsa m'chiwindi ayi. Chimene chimafika kumeneko ndi magazi ochokera kumatumbo atanyamula zimene zayamwidwa.

Apa ndiyenera kutchula vuto la liwu lakuti kapamba, limene chidolechi chinatithandiza kuliona poyera. Anthu ambiri akamati kapamba amanena chiwalo chija chimene chimatupa kumanzere kwa mimba mwa mwana wodwaladwala malungo, koma m'zolemba zina za Chichewa liwu lomweli limagwiritsidwanso ntchito potchula pancreas. Izi ndi ziwalo ziwiri zosiyana kotheratu. Choyambacho chimagwira ntchito ya magazi ndi chitetezo cha thupi ndipo sichigaya chakudya, pomwe pancreas imagona chopingasa kuseri kwa chifu, mutu wake utalowa m'chigongono cha duodenum, chigawo choyambirira cha matumbo aang'ono, ndipo imathira madzi ogaya sitalichi, mapuloteni ndi mafuta, kuwonjezera pa kupanga insulin, yothandiza kuchepetsa shuga m'magazi. Pa chidolechi ziwalo ziwirizi zili moyandikana koma za mitundu yosiyana, ndipo tinagwirizana m'kalasi kuti pophunzitsa ana tizitchula pancreas ndi dzina lake lomweli kuti tipewe chisokonezo.

Tsopano ndifike pa zofooka zake, ndipo chachikulu ndi matumbo. Amene anaumba chidolechi anapanga matumbo aang'ono ndi aakulu kukhala chibuma chimodzi cholimba chimene mumachinyamula ndi manja awiri ngati buledi. Munthu wochiyang'ana sangadziwe kuti ndi mpope umodzi wopindikapindika, sangaone pamene chifu chimalumikizana ndi duodenum chifukwa ziwalozo zimangogundana popanda bowo, ndipo sangaganize n'komwe za kutalika kwake. Choipa kwambiri n'chakuti matumbo aakulu, amene amazungulira m'mphepete ngati chimango cha chitseko, amaoneka onenepa ndi ofunika kuposa aang'ono, motero chidolechi chimalimbikitsa ganizo lolakwika limene ophunzira amabwera nalo kale, lakuti ntchito yaikulu imachitika m'chifu ndi m'matumbo aakulu ndipo aang'onowo ndi njira yongodutsamo. Zoona zake n'zakuti matumbo aang'ono ndi otalika pafupifupi mamita 6, aakulu ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo dzina lakuti aang'ono likunena za kuonda kwawo basi. M'matumbo aang'onomo ndi mmene kugaya kumamalizikira, ndi mmene pafupifupi zakudya zonse zimalowera m'magazi, ndipo ngakhale madzi ochuluka amayamwidwa momwemo, aakuluwo n'kungomaliza otsalawo.

Kuti tikonze cholakwika chimenechi tinachita kutuluka panja ndi chingwe cha sisalo. Tinayeza masentimita 25 a njira ya kummero, tinamangirira kajumbo koimira chifu, kenako tinayeza mamita 6 ndi kulumikiza nsanza yokhuthala ya mita imodzi ndi theka. Ophunzira awiri atagwira nsonga ziwirizo n'kutambasula chingwecho pabwalo, anzawo anayamba kudziyang'ana pamimba mosakhulupirira kuti zonsezo zili mwa iwo. Kenako tinachipinda n'kuchilowetsa m'mimba mwa chidole chija titachotsamo chibuma cha pulasitiki, ndipo chinakwanamo. Za tinthu tonga tizala timene timakuta m'kati mwa matumbo aang'ono, totchedwa villi, chidolechi sichionetsa chilichonse, ndipo tinagwiritsa ntchito thaulo ndi nsalu yosalala zofanana kukula, n'kuona kuti ya ubweya ija imamwa madzi ambiri chifukwa malo ake okhudzana ndi madziwo ndi ochuluka.

Chofooka chachiwiri si cha chidole ichi chokha koma cha zidole zonse za mtundu umenewu, ndipo n'chimene chimandichititsa kuchenjeza wogula aliyense. Pulasitiki siyenda, siitulutsa madzi, ndipo siisintha kanthu. Liwu lathu lakuti kugaya limatikumbutsa chigayo, kumene chimanga chimalowa chili maso n'kutuluka chili ufa, koma ufawo ukadali chimanga chomwecho. Ophunzira ambiri amaganiza kuti m'mimba mumachitika zomwezo, kuti nsima imangoperedwa mpaka kusalala kenako n'kulowa m'magazi ili phala. Munthu akhoza kuzula ndi kubwezera ziwalo zonse za chidolechi mosalakwitsa koma ganizo limeneli likadali chikhalire m'mutu mwake. Chimene chinatithandiza apa sichinachokere m'bokosi la ku Blantyre koma kukhitchini. Ndinafunsa amene amadziwa kuphika thobwa kuti afotokoze, ndipo mayi wina anafotokoza bwinobwino kuti umaphika phala lolimbirako, umalisiya lizizire pang'ono, kenako umathira chimera n'kuvundula, ndipo pakapita nthawi phalalo limasungunuka n'kuyamba kutsekemera popanda kuthiramo shuga. Ndinafunsa chifukwa chake sathira chimera phala lili pamoto likubwata, ndipo anayankha kuti chimapsa ndipo thobwalo silitsekemera. M'mawu ochepawo anali atafotokoza ntchito yonse ya enzyme, chinthu chopangidwa ndi zamoyo chimene chimafulumizitsa kusintha kwa zinthu monga chakudya. M'chimera muli amylase, mtundu womwewo wa enzyme umene uli m'malovu mwathu ndi m'madzi a pancreas, ndipo ntchito yake ndi kudula sitalichi kukhala shuga, chinthu chatsopano chimene sichinalipo poyamba. Kutentha kopitirira kumaiwononga. Tsiku lotsatira tinathira chimera m'kapu imodzi ya phala lofunda, ina tinaisiya, ndipo pakutha pa phunziro kusiyana kunali koonekera ndi maso ndi komveka pa lilime.

Chifu cha chidolechi n'chopangidwa mwaluso, koma nachonso chili chete pa zimene zimachitikamo. Tinachita kuwonjezera ndi pakamwa kuti m'menemo muli asidi wamphamvu wa hydrochloric amene amapha tizilombo tambiri ndi kuthandiza enzyme yotchedwa pepsin kuyamba kudula mapuloteni a nyemba, usipa kapena nyama, ndiponso kuti khoma la chifu limadziteteza ndi mamina okhuthala. Ndimakonda kuwauza ophunzira mmene anthu anadziwira zimenezi, chifukwa zimawasonyeza kuti sayansi imachokera pa kuona. M'chaka cha 1822, pa chilumba cha Mackinac ku America, mnyamata wina dzina lake Alexis St. Martin anawomberedwa mwangozi ndi mfuti, ndipo bala lake linapola litasiya bowo lolowera m'chifu. Dokotala wa asilikali William Beaumont ankamangirira tizidutswa ta chakudya ku ulusi, n'kutilowetsa pabowopo, n'kumatitulutsa pakapita maola kuti aone mmene tasinthira, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1833. Nkhani ya zilonda za m'mimba nayonso imadzutsa mafunso ambiri, popeza anthu ochuluka amakhulupirira kuti zimabwera chifukwa cha njala kapena maganizo okha, pomwe Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza kuti zambiri mwa izo zimayambitsidwa ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005.

Njira ya kummero anangoijambula ndi penti kuseri kwa mtima ndipo siizuka, choncho siithandiza kwenikweni. Ophunzira amaganiza kuti chakudya chimangogwa chokha monga mwala m'chitsime, ndipo kuti aone mmene minofu imachikankhira tinalowetsa ndimu m'sokosi yaitali n'kumaifinya kumbuyo kwake mpaka itatulukira mbali ina, ngakhale sokosiyo italoza kumwamba.

Wina akhoza kufunsa ngati zonsezi zili zofunika kwa munthu amene akukaphunzitsa ana a ku pulayimale, amene pa mayeso a PSLCE adzangofunsidwa kutchula mayina a ziwalo pa chithunzi. Ine ndimaona kuti n'zofunika kwambiri, ndipo mliri wa kolera umene unavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023 unandikhazikitsa pa maganizo amenewa. Mphunzitsi amene akudziwa kuti madzi amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aang'ono, ndiponso kuti shuga pang'ono amathandiza mchere kulowa ndipo madzi amatsatira, angathe kufotokozera mwana ndi kholo lake chifukwa chake paketi ya Thanzi ORS imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi aukhondo, osachepetsa kapena kuwonjezera, ndi chifukwa chake mwana wotsekula m'mimba sayenera kumanidwa chakumwa poganiza kuti chiwonjezera kutsekulako. Mphunzitsi wa mipope iwiri uja sangathe kufotokoza zimenezi, chifukwa m'chithunzi chake madzi ndi matumbo sizikumana n'komwe. M'midzi yambiri mphunzitsi ndiye munthu wophunzira amene ali pafupi kuposa chipatala, ndipo anthu amamufunsa.

Za kulimba kwake, pulasitikiyo ndi yabwino ndipo yapirira manja ambiri, koma tizitsulo tokolekera mapapo ndi chiwindi n'tofooka. Kamodzi kanathyoka m'sabata yachitatu, ndipo chiwindi tsopano timachigwiriza ndi waya. Penti ya tinambala inayamba kufufutika ndi thukuta la m'manja, moti tinachita kulembanso ndi cholembera chosafufutika. M'kabuku kaja tinapezamo nambala ziwiri zosinthanitsidwa pa zigawo za matumbo aakulu, ndipo ndikulangiza aliyense kuti ayambe wayerekeza kabukuko ndi buku lodalirika la Biology asanakapereke kwa ophunzira. Ogulitsa anatilandira mwaulemu ndipo anatilola kutsekula bokosi ndi kuwerenga ziwalo tisanalipire, chimene ndikuwayamikira, koma titabwerera kukafunsa za kachitsulo kothyoka kaja anatiuza kuti sasunga zosinthira zilizonse ndipo chiwalo chimodzi chikatayika palibe kochipeza pachokha. Mtengo wake ndi wokwera, monga zilili ndi katundu yense woitanitsa kunja chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndipo sukulu ya pulayimale wamba siingakwanitse kuchigula popanda kusiya zinthu zina zofunika.

Pa chifukwa chimenechi ndikuona kuti malo oyenera chidolechi ndi kukoleji ndi ku TDC, malo amene aphunzitsi a sukulu zoyandikana amakumanirako pokonza luso lawo, kumene chimodzi chingatumikire aphunzitsi ambiri, osati m'sukulu iliyonse. Wophunzira uphunzitsi akachigwira ndi manja ake kangapo, chithunzi cha m'kati mwa thupi chimakhazikika, ndipo akapita kumudzi angathe kuchipanganso ndi zinthu zopezeka pamalopo monga mmene mfundo ya TALULAR imatilimbikitsira. Gulu limene linapita kukayeserera kuphunzitsa temu yapitayi linachita zimenezi. Mnyamata wina amene ndinakamuyendera anali atasoka ziwalo za nsalu pa thumba la ufa lodulidwa ngati malaya, chifu chili m'mwamba kumanzere pamene chiyenera kukhala, ndipo m'kathumba ka kutsogolo anapindiramo chingwe cha mamita 6. Anaveka mwana mmodzi thumbalo, anzake awiri n'kukoka chingwecho mpaka chinakafika pakhomo la kalasi, ndipo pa tebulo lake panali makapu awiri a phala atavundikiridwa ndi mbale, akudikira kumapeto kwa phunziro.